Nyumba Ikonzedwe Mvula Isanagwe: Uphungu kwa Eninyumba Ofuna Kukonza Okha

Awa ndi mawu omwe khonsolo idakonza kuti aperekedwe pa misonkhano ya chitukuko m'mawodi onse a boma lino, m'nyengo ino yokonzekera dzinja.

 Nkhani ya lero ndi ya nyumba zomwe anthu a m'wodi muno amagonamo, ndi zomwe mwininyumba angachite ndi manja ake kuti nyumbayo ipirire mvula ndi mphepo zomwe zikubwera.

Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa, madandaulo omwe amafika ku ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amakhala ofanana: denga lasasuka, khoma lagwa, chimbudzi chatitimira. Dziko lino likukumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, ndiponso wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe adapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera. Komabe nyumba zambiri zimagwa ndi mvula wamba, yopanda dzina, chifukwa msomali udazuka osabwezeretsedwa, kapena madzi adazolowera kuima m'munsi mwa khoma kwa zaka zingapo. Khoma lotere likamagwa nthawi zambiri umakhala usiku, ana ali m'tulo.

Khonsolo ikudziwa kuti zipangizo zomangira zidakwera mtengo kwambiri, makamaka chichokereni Novembala 2023 pomwe mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mabanja ambiri sangathe kuitana mmisiri pa kalikonse. N'chifukwa chake uphungu uwu ukusiyanitsa ntchito zomwe mwininyumba angagwire yekha ndi zomwe ayenera kusiyira odziwa.

Kuyendera nyumba ndi kusanja ntchito

Ntchito yoyamba sifuna ndalama. Mwininyumba atenge kope ndi cholembera, azungulire nyumba yake kunja ndi mkati, n'kulemba chilichonse chomwe chavuta. Masana dzuwa lili paliwombo, atseke zitseko ndi mazenera n'kuyang'ana kudenga: paliponse pomwe pakulowa kuwala padzalowanso madzi. Aone ngati mitengo ya denga yapindika kapena yafumbwa, aone ming'alu m'makoma, ayang'ane m'munsi mwa khoma ngati pulasitala akusupuka, ndipo akumbukire komwe madzi adaima dzinja lapitalo.

Akamaliza kulemba, asanje ntchito motsata kuopsa kwake. Loyamba ndi denga, chifukwa ndilo limateteza zonse zili pansi pake. Chachiwiri ndi njira ya madzi ndi maziko. Chachitatu ndi makoma, zitseko ndi mazenera. Penti abwere pomaliza. Mabanja ena amayamba ndi penti popeza ndiye amaoneka kwa odutsa m'njira, koma chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere: penti wopakidwa pa khoma lonyowa amasupuka dzinja lisanathe, ndipo ndalamayo imakhala yatayika.

Denga

Mphepo imanyamula denga poyambira m'mphepete ndi m'makona, kenaka n'kulisenda ngati nthochi. Denga lolimba ndi lomwe zigawo zake zonse zagwirana kuyambira pamwamba mpaka pansi: malata akhomeredwa ku mitengo yopingasa, mitengo yopingasa yamangiriridwa ku phaso, phaso lamangiriridwa ku thabwa logona pamwamba pa khoma, ndipo thabwalo lamangiriridwa ku khoma lenilenilo. Pakasoweka chimodzi mwa izi, denga lonse limapita.

Nyumba zambiri zakale zilibe waya womangirira denga ku khoma, koma mwininyumba angathe kumuika popanda kugumula kanthu. Aboole kabowo pa mzere wa matope pakati pa njerwa, pafupifupi masentimita 60 kuchokera pamwamba pa khoma, alowetse waya wochindikala wosachita dzimbiri wopindidwa pawiri, amuzungulitse pa phaso ndi pa thabwa lija, n'kumupota mpaka atakungika. Achite zimenezi pa phaso lililonse, kuyambira m'makona, kenaka atseke mabowowo ndi matope a simenti. Kusanjika miyala, njerwa kapena matayala pamwamba pa malata sikulowa m'malo mwa waya. Mphepo ikakula, miyala yomweyo ndiyo imagwera anthu.

Pokhoma malata, msomali ulowe pamsana pa mzere wa lata, osati m'chigwa momwe mumayenda madzi. M'mphepete mwa denga ndi pamwamba penipeni misomali ikhale yothithikana kusiyana ndi pakati. Malata oyandikana apitirirane ndi mzere umodzi ndi theka, ndipo pomwe lata lapamwamba likukumana ndi lapansi, apitirirane masentimita osachepera 15, kapena kuposerapo ngati denga ndi losatsetsereka kwambiri. Msomali wogwedera uzulidwe, pakhomedwe wina wokulirapo wokhala ndi kamphira pansi pa mutu wake. Timabowo ting'onoting'ono titsekedwe ndi phula lomatira malata, pamalopo patapukutidwa bwino ndi kuuma.

Wogula malata adziwe kuti nambala ya geji ikamakwera, lata limakhala likupyapyala. Geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 30, ndipo geji 30 imaposa geji 32. Lata lopyapyala limatsika mtengo m'sitolo, koma limang'ambika msanga pamsomali. Amene akumanga denga latsopano akumbukirenso kuti denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndiponso kuti denga la khonde ndi bwino likhale lapadera, kuti likanyamuka lisakoke denga la nyumba yonse.

Denga la udzu nalo lili ndi malamulo ake. Liyenera kutsetsereka kwambiri, pafupifupi madigiri 45, kuti madzi asakhalitse m'udzu. Udzu wowola uchotsedwe m'malo mongofolerapo wina pamwamba, pakuti kulemera kwa udzu wonyowa kumathyola phaso. Pepala la pulasitiki loyalidwa pansi pa udzu liunikidwe chaka chilichonse, luzi lomwe lafumbwa lisinthidwe, ndipo denga lituluke kunja kwa khoma mokwanira kuti mvula isamamenye khomalo.

Njira ya madzi ndi maziko

Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo otalika mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Choncho denga la mamita 8 mulitali ndi mamita 6 mulifupi, pa mvula ya mamilimita 30, limatsitsa malita 1,440, omwe ndi zigubu 72 za malita 20. Madzi onsewa akamagwera m'munsi mwa khoma tsiku ndi tsiku, nthaka imafewa, maziko amatitimira, khoma n'kung'aluka.

Mankhwala ake ndi khasu ndi fosholo. Mwininyumba akonze chiguwa kuzungulira nyumba yonse, chotambalala kuyambira masentimita 60 mpaka mita imodzi, chotsetserekera kunja. Chiguwacho chingakhale cha dothi lotsenderedwa bwino, cha njerwa, cha miyala kapena cha simenti, malinga ndi thumba la munthu. Kunja kwa chiguwa kukumbidwe ngalande yotenga madzi kupita nawo kutali, ndipo ngati nyumba ili pamtsetse, ngalande ina ikumbidwe chakumtunda kuti ipatutse madzi ochokera kuphiri. Maenje omwe adatsala poumba njerwa pafupi ndi nyumba akwiriridwe, chifukwa amasunga madzi, amaswetsa udzudzu, komanso ana amamiramo. Amene angathe kuika malata olandira madzi m'mphepete mwa denga n'kuwatsogolera mu mgolo, amateteza maziko n'kupezanso madzi ochapira. Khonsolo ikukumbutsa kuti ngalande isathere pakhomo pa mnzako. Milandu yambiri yomwe mafumu amaweruza m'dzinja imayambira pamenepa, choncho oyandikana nyumba agwirizane njira ya madzi asanakumbe.

Khoma likamaoneka lonyowa m'munsi, likutuluka zoyera ngati mchere ndipo pulasitala akuyoyoka, ndiye kuti chinyontho chikukwera kuchokera pansi. Amisiri amayala pepala lakuda la pulasitiki, lomwe amalitcha DPC, pamwamba pa maziko, masentimita osachepera 15 kuchokera pa nthaka, kuti litchinge chinyonthochi. Nthawi zambiri pepalalo limakhalapo ndithu, koma dothi, mchenga kapena bedi la maluwa zimakhala zaunjikidwa mpaka kulipitirira. Kuchotsa dothilo kumathetsa vuto popanda kugula kalikonse.

Nyumba za zidina ndi za mdindo zimafuna chisamaliro chapadera m'munsi mwa khoma, chifukwa m'pomwe madzi odontha kudenga amathovukira. Pomwe pakumbika pamatidwe ndi dothi lofanana ndi lomwe adamangira, atanyowetsa pang'ono. Pulasitala wa simenti sagwirana bwino ndi khoma la dothi: amafufuma, madzi n'kulowa kuseri kwake, khoma n'kumasungunuka mosaoneka. Pulasitala wa dothi kapena wa laimu ndiye amayenerana ndi makoma otere.

Ming'alu

Ming'alu ili mitundu iwiri. Ina ndi yopyapyala ngati tsitsi, ya mu pulasitala yekha. Imeneyi mwininyumba angaikonze poikulitsa pang'ono ndi chitsulo chosongoka, kuchotsa fumbi, kunyowetsa, n'kumata ndi matope a simenti. Ina ndi yolowa mpaka mu njerwa, yoyenda mopendekera ngati masitepe kuchokera pakona pa zenera kapena pa chitseko, kapenanso yolekanitsa makoma awiri pakona. Imeneyi imasonyeza kuti maziko akuyenda, ndipo kungoimata n'kubisa matenda.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati mng'alu ukukula. Mwininyumba alembe chizindikiro ndi pensulo pomwe mng'alu wathera, ayeze kutambalala kwake, alembe tsiku pambali pake, n'kudzaonanso pakatha masabata angapo. Pofuna kudziwa ngati khoma lapendekeka, amange mwala ku chingwe n'kuchilendewetsa kuchokera pamwamba pa khomalo. Ngati mng'alu ukupitirira chizindikiro, ngati pensulo ikulowamo, ngati zitseko zayamba kukanika kutseka, kapena ngati khoma lachoka pa chingwe, aitane mmisiri wodziwa, ndipo m'chipindamo musagone munthu mpaka chitakonzedwa. Izi zimachitika kawirikawiri pa nthaka ya makande, yomwe imafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, komanso pomwe mitengo ikuluikulu monga bulugamu ili pafupi kwambiri ndi khoma.

Simenti, mchenga ndi madzi

Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50. Wogula aone chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS ndi nambala ya mphamvu yolembedwa pa thumba: 32.5 imakwanira kumangira njerwa ndi kupaka pulasitala, pomwe 42.5 ndi yamphamvu kuposerapo. Simenti yomwe ili ndi mibulu yosaphwanyika ndi zala idalowa chinyontho ndipo yatha mphamvu. Matumba asungidwe pa matabwa, osakhudza pansi kapena khoma, ndipo agwiritsidwe ntchito isanathe miyezi 3.

Mchenga wosakanikirana ndi dothi umafooketsa simenti. Pouyesa, munthu athire mchenga mu botolo loonekera mpaka theka, awonjezere madzi, akhutchumule, n'kulisiya kwa maola angapo. Mchenga umakhala pansi, matope pamwamba pake. Ngati matopewo afika gawo limodzi mwa magawo 10, mchengawo utsukidwe kapena usiyidwe.

Kuyeza ndi fosholo kumanamiza, chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa imasiyana ndi ya simenti youma. Ndowa imodzi yomweyo igwiritsidwe ntchito poyeza zonse. Pomanga njerwa ndi popaka pulasitala wamba, ndowa imodzi ya simenti ipite ndi ndowa 6 za mchenga, zomwe zikufanana ndi thumba limodzi pa mawilibala 3 a omanga, odzazidwa mosasefukira. M'munsi mwa khoma lakunja ndi pansi pa nyumba pamafunika matope amphamvu, ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 4 za mchenga. Konkire wa pamwamba pa zitseko ndi mazenera amafuna ndowa imodzi ya simenti, ndowa 2 za mchenga ndi ndowa 4 za miyala ya kwale.

Simenti ndi mchenga zisakanizidwe zili zouma mpaka mtundu utakhala umodzi, kenaka madzi aukhondo athiridwe pang'onopang'ono. Madzi ochuluka amafewetsa ntchito pa tsikulo koma amachepetsa mphamvu ya simenti. Munthu akande matope okwanira kugwiritsa ntchito mu ola limodzi, ndipo omwe ayamba kuuma asadzutsidwe ndi madzi ena. Njerwa ndi khoma zinyowetsedwe matope asanaikidwe, kuopa kuti zingamwe madzi a m'matopewo. Pulasitala achindikale sentimita imodzi mpaka imodzi ndi theka.

Simenti imalimba pogwirizana ndi madzi, choncho ikauma msanga padzuwa imakhala yofooka. Pomwe pamangidwa kapena pamatidwa pathiridwe madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo pafunditsidwe ndi masaka onyowa kapena pulasitiki ngati dzuwa likuswa mtengo. Konkire amafika pa mphamvu yake yoyenera pakatha masiku 28, n'chifukwa chake ntchito ya simenti iyenera kuyamba mvula ikadali kutali. Simenti yonyowa imawotcha khungu, choncho wogwira ntchito avale magolovesi ndi nsapato za jombo, ndipo ikalowa m'maso asambe ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

Njerwa, matabwa ndi chiswe

Njerwa yopsa bwino imalira ngati chitsulo ikamenyanitsidwa ndi inzake, ndipo siphwanyika ikagwetsedwa kuchokera m'chiuno. Yosapsa imalira mogonthera ndipo imasungunuka ikavikidwa m'madzi. Kuyambira mu 2018, malamulo a zomangamanga salola njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza nkhalango. Eninyumba nawonso akulimbikitsidwa kuganizira mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zotsenderedwa pa makina. Mitengo yomwe imathera mu uvuni ndi yomweyo yomwe ikadatchinga mphepo ndi kugwira nthaka ya m'mapiri.

Chiswe chimadya mtengo mkati n'kusiya khungu lokha. Mwininyumba abaye phaso ndi mafelemu ndi nsonga ya mpeni: mpeni ukalowa mosavuta, mtengowo watha. Tinjira tadothi tokwera m'khoma tigumulidwe, ndipo komwe tachokera kufufuzidwe. Nkhuni, mapesi ndi zitsa zisakhale pafupi ndi khoma, ndiponso thabwa lililonse lisakhudze nthaka. Matabwa atsopano akhale ouma ndipo apakidwe mankhwala oteteza ku chiswe asanakwezedwe, makamaka kunsonga komwe achekedwa. Mankhwalawo agulidwe m'sitolo zovomerezeka, akhale mu botolo lake lolembedwa, ndipo asungidwe kutali ndi ana ndi chakudya. Posintha phaso lowola, denga liyambe lachirikizidwa ndi mtengo wolimba lakalelo lisanachotsedwe.

Penti ndi laimu

Pulasitala watsopano apatsidwe pafupifupi masabata 4 kuti aume asanapakidwe penti. Khoma lakale lipalidwe, litsukidwe, liume. Penti wa madzi ndi wa makoma, pomwe wa mafuta ndi wa zitseko, mafelemu ndi zitsulo. Chitsulo cha dzimbiri chikwechedwe mpaka chiyere, chipakidwe penti wofiira woteteza ku dzimbiri, kenaka penti wa mtundu womwe munthu akufuna. Kupaka kawiri mopyapyala kumakhalitsa kuposa kupaka kamodzi mochindikala. Mazenera akhale otsekula popaka penti wa mafuta. Penti wina wakale wa mafuta ali ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana, choncho pomupala khoma linyowetsedwe kuti fumbi lisauluke, ndipo ana ndi amayi oyembekezera atalikire. Kwa amene thumba lachepa, laimu ndi wotsika mtengo, amayeretsa nyumba, ndiponso amalola khoma kutulutsa chinyontho. Womupaka ateteze maso ake.

Chimbudzi

Mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chimbudzi chikagwa kapena kusefukira m'dzinja, banja limayamba kupita kutchire, ndipo zoipa zimakokolokera m'zitsime. Mwininyumba aone ngati mitengo yonyamula pansi pa chimbudzi yawola, akweze dothi kuzungulira chimbudzicho kuti madzi asalowe m'dzenje, akonze denga, aike chivundikiro pabowo, ndiponso mpondagiya wokhala ndi sopo kapena phulusa pakhomo pake. Chimbudzi chatsopano chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndipo chikhale chakumunsi kwake. Pa nthaka ya mchenga dzenje limangiridwe njerwa m'mbali. Munthu asalowe m'dzenje la chimbudzi chakale pa chifukwa chilichonse, pakuti mpweya wa m'menemo umapha.

Ntchito zosiyira odziwa

Akuluakulu adati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Pali ntchito zomwe kulakwitsa kwake kumatengera munthu kumanda. Yoyamba ndi ya magetsi. Kusintha babu aliyense angathe, koma kuyala mawaya, kuwonjezera masoketi kapena kukonza bokosi la magetsi ndi ntchito ya mmisiri yemwe ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA. Kukoka magetsi kuchokera kwa oyandikana nawo ndi mlandu, komanso ndi gwero la moto m'nyumba zambiri. Wokhoma msomali m'khoma apewe mzere wolunjika pamwamba ndi pansi pa switchi kapena soketi, chifukwa m'momwe mumadutsa mawaya. Malata, mapaipi ndi makwerero achitsulo asanyamulidwe moimirira pansi pa mawaya a ESCOM. Batire la sola likhale pamalo opita mphepo, kutali ndi moto.

Yachiwiri ndi kugumula khoma kapena kuboola khomo latsopano. Makoma ena amkati amanyamula denga, ndipo munthu wosadziwa sangawasiyanitse ndi ongogawa zipinda. Yachitatu ndi malata akale otuwa a asibesitosi omwe akadalipo pa nyumba zina. Akachekedwa, kubooledwa kapena kuswedwa, amatulutsa fumbi lomwe limayambitsa matenda a m'mapapo ndi khansa patapita zaka zambiri. Mwini nyumba yotere afunse a zaumoyo ku khonsolo asanawakhudze.

Ngakhale pa ntchito zololedwa, kusamala kukhalepo. Makwerero aime pa nthaka yolimba, phazi lake litalikire khoma mita imodzi pa mamita 4 aliwonse okwera, ndipo wina awagwire. Woyenda padenga aponde pa mzere wa misomali, pomwe pali mtengo pansi. Kukawomba mphepo, malata akanyowa, kapena munthu akalawako mowa, padenga pasakwere aliyense. Ana asatumidwe padenga poganiza kuti ndi opepuka. Wobayidwa ndi msomali kapena kuchekedwa ndi lata atsuke bala ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, kuopa kafumbata.

Mmisiri, ndalama ndi chilolezo

Pofuna mmisiri, mwininyumba akaone nyumba zomwe mmisiriyo adamanga kale, afunse eni ake, ndipo ngati n'kotheka aone mapepala a maphunziro ake, monga a TEVETA. Mgwirizano ulembedwe pamaso pa mboni: ntchito yake, mtengo wake, ndi tsiku lomaliza. Malipiro aperekedwe m'zigawo molingana ndi ntchito yomwe yatha. Zipangizo agule mwini yekha atafunsa mitengo m'sitolo zosachepera zitatu, asunge malisiti, ndipo pa ndalama zomwe wawerengera awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo 10 la zogwa mwadzidzidzi. Ntchito iyambike pokhapokha zipangizo zake zitakwanira, chifukwa nyumba yosasulidwa theka mu Novembala ndi yoopsa kuposa yodontha. Magulu a banki mkhonde angathandize mabanja kusunga ndalama za malata ndi simenti kuyambira nthawi yokolola. Okhala m'nyumba za lendi agwirizane ndi eninyumba polemba asanakonze kanthu, kuti zidziwike ngati ndalamazo zidzachotsedwe pa lendi.

Kumata mng'alu, kusintha lata kapena kupaka penti sikufuna chilolezo. Koma lamulo la mapulani a malo la 2016 limafuna kuti womanga nyumba yatsopano, wokulitsa nyumba, kapena wosandutsa nyumba yogona kukhala ya malonda apeze chilolezo, ndipo izi n'zofunika kwambiri m'matauni ndi m'malo ochitira malonda. Nyumba kapena mpanda womangidwa m'malire a msewu, pansi pa mawaya a magetsi, kapena m'mphepete mwa mtsinje ungathe kugwetsedwa, mwini wake n'kutaya zonse. Zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zitachitika, boma lidakonza ndondomeko za kamangidwe ka nyumba zolimba. Ofesi ya zomangamanga ndi ya mapulani ku khonsolo zilipo kuti zifotokozere aliyense zomwe ndondomekozi zimanena. Amene nyumba yake ili m'njira ya madzi kapena m'munsi mwa phiri logumuka adziwe kuti waya ndi simenti sizingamupulumutse. Akambirane ndi mfumu ndi komiti yoona za ngozi m'mudzi za malo ena okhala.

Pempho la khonsolo

M'mudzi uliwonse muli agogo, amayi amasiye, anthu aulumali ndi ana okhala okha omwe sangathe kukwera padenga kapena kukumba ngalande. Mutu umodzi susenza denga. Khonsolo ikupempha mafumu ndi makomiti a VDC kuti alembe nyumba zotere, ndipo magulu a achinyamata ndi a mipingo apatule tsiku lozikonza. Ikupemphanso amisiri a m'wodi muno kuti aonetse anzawo kamangidwe ka waya wa denga, chifukwa munthu akaona kamodzi amatha yekha.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Banja lililonse lizungulire nyumba yake sabata ino, lilembe zovuta, liyambe ndi denga ndi ngalande, ndipo lizimvera uthenga wa a zanyengo pa wailesi. Amene ali ndi mafunso awapereke kwa a khansala kapena afike ku ofesi za khonsolo m'masiku a ntchito. Khonsolo ikufunira anthu onse a m'wodi muno dzinja la mtendere ndi zokolola zochuluka.